Uziwerenga Mapazi

Eelis Kumpula anaterereka pakhomo pa sitolo ku Ivalo,
chiuno n'kuti thyo, ngati nthambi youma.
Ambulansi isanatseke chitseko
anandifumbatitsa lisiti ya khofi
yolembedwa kuseri ndi pensulo:
Halla sadya ukamamuyang'ana.
Turo amanama kuti sakumva kuzizira.
Uziwerenga mapazi.

Ine amene sindinawetepo ngakhale mphaka.

M'mawa woyamba kachipangizo ka pawindo
kanatsika madigiri makumi atatu pansi pa ziro.
Dzuwa linali litatitaya kale masabata awiri,
masana kumangotuwa pang'ono chakum'mwera
ngati munthu wasuzumira m'chipinda n'kubwerera.
Ndinapeza madzi a m'mbale atasanduka mwala,
pamwamba pake kanjira kosalala
komwe lilime linayesa usiku wonse.
Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi ketulo.
Msuzi wa mitu ya nsomba, wofunda, katatu pa tsiku,
pakuti galu wothetsa ludzu ndi chipale chofewa
amazimitsa mbaula ya m'mimba mwake.
Anatero Eelis pafoni,
lilime litalemera ndi mankhwala,
nawonjeza: bulangete ayi, mnansi,
limamwa chinyezi n'kuuma gwa ngati thabwa.
Udzu wouma basi. Pisa mkono mpaka m'phewa,
ukamva kunyowa pansi, chotsa wonse.

Za mapazi ndinazimvetsa Lachinayi.
Tikudutsa msewu waukulu, Turo anaima njii pa atatu,
lachinayi lili m'malere,
nkhope wayang'ana kumbali ngati phazilo n'la wina.
Ndinagwada, kuvula golovesi ndi mano.
Pakati pa zala panali timikanda ta ayezi
tomatirira ku ubweya,
ndi kamng'alu kofiira momwe munalowa mchere wa pamsewu.
Ndinalifumbata, kuliuzira mpweya wa m'kamwa
mpaka madzi anayenderera m'mkono wa jekete.
Zala zanga zinafa dzanzi.
Iye anandinyambita khutu
malovu n'kuundana pomwepo.

Tsopano madzulo ndi a sizasi ndi phula.
Ndimameta ubweya wa m'zala, ndimapaka, ndimasisita,
kenako tinsapato tofiira ta nsalu.
Halla amataya kamodzi tsiku lililonse,
amabwerako akuyenda monyada ndi titatu.
Chipale chikadzasungunuka mu Meyi
nkhalango iyi idzaulula zonse zimene ndagula.

Usiku wina mitengo inayamba kuphulika ngati mfuti,
makoma a nyumba kuti thethethe,
mpweya kuluma mano ukaupuma.
Ndinatuluka ndi tochi.
Halla anali atazinga thupi, mphuno pansi pa mchira, phee,
koma Turo, wabodza uja, wa zaka khumi ndi zitatu,
ankanjenjemera mpaka unyolo kulira.
Nyumba yanga sinalowemo chamiyendo inayi
chimangireni.
Ndinatsegula chitseko.

Turo anakana pafupi ndi moto,
anasankha pakhomo, pomwe kamphepo kamalowera pansi,
n'kutsamira mutu pa jombo zanga.
Halla ananunkhiza mipando yonse umodziumodzi,
anayetsemula pa nyuzipepala,
kenaka anadya buledi m'dzanja langa
maso ali pa ine, osaphethira.
Izi sindinamuuze Eelis.

Dzulo anaimbanso.
Akuti mwendo sukumvera,
mwana wake Inkeri wamukonzera chipinda ku Oulu,
pansanjika yachisanu, kosaloledwa ziweto.
Anakamba za chakudya chosakoma cha kuchipatala,
za nesi wosaseka,
za mtengo wa nkhuni chaka chino.
Kenako zii, ine kumangomva kupuma kwake.

Alipo angati? anafunsa.
Asanu ndi atatu, ndinatero, onse ali pansi.
Chabwino, anatero. Chabwino.

Nditaika foni ndinaona kuti ketulo yazizira.
Ndinaitereka kachiwiri,
n'kuyamba kufunafuna kansapato kachinayi.